Zithunzi za mkati mwa York Minster zikungotuluka zakuda, thandizeni

Aphiri (Leeds): Moni nonse pagulu pano. Loweruka ndinakwera sitima kupita ku York, kuno ku England, kukajambula mkati mwa tchalitchi chachikulu chija, York Minster. Zimene maso anaona ndi zimene kamera yabwera nazo sizikugwirizana. Ndikalunjika pa zenera, magalasi amitundumitundu aja akutuluka bwino koma makoma onse bii. Ndikati ndionetse makoma, zenera likungoyera mbee, mitundu yonse yathawa. Chinanso, mizati ikuoneka ngati ikugwera mkati. Ndili ndi lenzi ya 18-55 (18mm yotambasula, 55mm yokokera pafupi) imene inabwera ndi kamera. Ndikufuna kubwereranso, ndiye akuluakulu ndiuzeni pokonza. Ndaika zitatu apa muone.

Mwale (Area 25): Aphiri, chachiwiricho ndimayesa mwajambula magetsi atazima kuno kwathu 😂

Aphiri (Leeds): Sekani achimwene, tsiku lanu likubwera.

Bambo Mbewe (Manchester): Tiyambe ndi funso. Kamera inali pa Auto?

Aphiri (Leeds): Eya bambo. Fulashi imangodzuka yokha.

Bambo Mbewe (Manchester): Ndiye poyambira ndi pomwepo, fulashiyo itsekeni. Kuwala kwake kumatha msanga: mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kumene kumafika kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Denga la mmenemo lili pafupifupi mamita 30 kuchokera pansi. Kafulashi ka pa kamera kamangowalitsa mpando umene uli patsogolo panu ndi dazi la munthu wodutsa, kenako kamera imaganiza kuti ntchito yatheka, n'kusiya kwina konse mumdima. Ndi zimene zachitika pa chithunzi chachiwiricho.

Nkhani ya zenera ndi ina. Diso lanu likamayenda kuchoka pa galasi kupita pa mwala limasintha lokha inu osadziwa. Kamera imaona kamodzi, ndipo kusiyana kwa kuwala pakati pa zenera lowombedwa ndi dzuwa ndi khoma lamumthunzi n'kwakukulu kuposa kumene ingasunge pa chithunzi chimodzi. Choncho kamera yanu siinawonongeke. Muyenera kuiuza chimene mukufuna.

Ine ndimatere: ndimajambula mu RAW (fayilo yosunga zonse zimene kamera yatola), ndimayeza kuwala pa galasi penipenipo ndi spot metering (kuyeza pa kadontho kamodzi kokha), n'kuyang'ana histogram, kagirafu koonetsa kuwala kwa chithunzi, kuti isagunde kumanja kumene kuli koyera mbee. Mdima mutha kuukweza pa kompyuta. Koma galasi likayera mbee, latha, palibe pulogalamu imene ingabweze nkhope ya mngelo imene kamera siinasunge.

Aphiri (Leeds): Nanga manambala ake? Ndikasiya Auto ndimasokonezeka.

Bambo Mbewe (Manchester): Ikani pa A kapena Av, pamene inu mumasankha kukula kwa bowo la lenzi (nambala ya f ikachepa, bowo limakula). Pa 18mm tsegulani f/4. Ambiri amathamangira f/11 poopa kuti zina zituluka zosaoneka bwino, koma mmenemo chilichonse chili kutali, ndiye pa 18mm f/4 kapena f/5.6 imakwanira. ISO, imene imawalitsa chithunzi mumdima, musaiope, 1600 mpaka 3200 ndi yabwino. Shutter, nthawi imene kamera imakhala yotsegula, isachedwe kupitirira 1/30 ya sekondi ngati mwagwira m'manja. Chithunzi chokhala ndi timchenga ta ISO yokwera chimakonzeka, chogwedezeka ndi chotaya. Tsamirani mzati, zigongono zigunde m'nthiti, ndipo dinani katatu motsatizana, kawirikawiri chapakati chimatuluka chakuthwa.

Mukafuna zonse ziwiri, galasi ndi mwala, jambulani zitatu pa -2, 0 ndi +2 (chakuda, chapakati ndi chowala), mukaziphatikize kunyumba.

Agogo Nkhoma (Blantyre): Ndalowa mochedwa, netiweki inavuta. Mbewe mwana wanga, zonse wanenazi ndi zoona kupatula chomalizacho. Zophatikiza zithunzi zitatuzi ine sindigwirizana nazo. Ndaziona zambiri pa intaneti: tchalitchi chowala paliponse, pansi pa mipando powala, kuseri kwa mzati kowala, palibe mthunzi ndi umodzi womwe. Nyumba yoteroyo kulibe. Anthu amene anamanga zimenezi analibe magetsi. Ankadziwa kuti galasi lofiira ndi labuluu limayaka chifukwa chozungulira chake chili mumdima. Ukachotsa mdimawo wachotsa chimene anamangira. Ife a filimu tinalibe mwayi wosankha pambuyo. Unkaima, n'kudzifunsa kuti chithunzichi ndi cha zenera kapena cha mwala, ukasankha basi. Aphiri, chithunzi chanu choyambacho, chimene mukuti chalakwika, kwa ine ndicho chabwino pa zitatuzo.

Bambo Mbewe (Manchester): Agogo, ulemu wanu. Koma zimene mukudana nazozo ndi za anthu okoka ma slider mpaka kumapeto. Munthu akaphatikiza mosamala simungadziwe n'komwe. Cholinga changa ndi kubweza zimene diso linaona. Aphiri ataima mmenemo sanaone makoma akuda, anaona miyala.

Agogo Nkhoma (Blantyre): Anaona miyala atachotsa maso pa zenera. Sanaone zonse nthawi imodzi.

Anachisale (Sheffield): Ndilowererepo agogo, ine ndimapitako kawirikawiri ku mapemphero a madzulo. Mfundo yanu ikugwira ku matchalitchi ena, koma York si yamdima kwenikweni. Mwala wake ndi woyererako, anaukumba kufupi ndi Tadcaster, ndipo mazenera ake ndi aakulu zedi. Luso lonse la kamangidwe ka Gothic linali lakuti kulemera kwa denga kutsikire m'mizati kuti khoma lichepe, galasi lichuluke. Ndiye masana dzuwa likawala, mbali yaikulu yokhalamo anthu ija imayera ndithu. Chithunzi cha makoma akuda bii chikunamanso mbali ina.

Chimene sindinaone wina akutchula ndi nthawi. Tchalitchichi chinamangidwa mooneka ngati mtanda, guwa lili kum'mawa. Ndiye dzuwa limazungulira mazenera mwadongosolo. M'mawa lili pa zenera lalikulu la kum'mawa, Great East Window. Masana lili kummwera kumene kuli zenera lozungulira lija. Madzulo limafika pa zenera la kumadzulo limene pamwamba pake miyala inapanga mtima, amalitcha Heart of Yorkshire. Aphiri munafika nthawi yanji?

Aphiri (Leeds): Cha m'ma 11, dzuwa lili phwee.

Anachisale (Sheffield): Ndiye munalimbana ndi nthawi yovuta. Tsiku la mitambo, limene kuno silisowa, ndi bwenzi lanu. Kuwala kumalowa kofewa, galasi ndi mwala zimayandikana, ndipo chithunzi chimodzi chimakwana popanda mkangano wa agogo ndi a Mbewe.

Mwale (Area 25): Koyamba kumva munthu wa ku UK akuyamikira mitambo.

Anabanda (Hull): Ine kamera ndilibe, ndimajambula ndi foni, koma York ndinapitako ndi ana pa holide. Chimene ndinaphunzira: dinani pa zenera pa sikirini, kenako tsitsani kadzuwa kaja ndi chala mpaka mitundu ibwere. Ndipo lenzi yotambasula ya 0.5x ija imakoma poyang'ana koma imapinda mizati ya m'mbali moipa. Night mode imathandiza mukaika foni pa msana wa mpando.

Koma funso langa ndi la zenera lija lotuwa, lalitali, logawika pasanu. Ndinalijambula koma likungooneka ngati lata lakale. Pali chinsinsi?

Anachisale (Sheffield): Asisi, limenelo ndi Five Sisters, lili kumkono wa kumpoto. Ndi la cha m'ma 1250, limodzi mwa akale kwambiri mmenemo. Gawo lililonse ndi lalitali mamita oposa 16 koma m'lifupi ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka. Kupatula kagawo kamodzi kakang'ono pansi, mulibe zithunzi za anthu ngati ena aja, galasi lake ndi lotuwa lobiriwirako, lojambulidwa masamba ndi mizere yolukana. Mu 1925, atalikonza, analipereka kukhala chikumbutso cha amayi amene anafa potumikira pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Bambo Mbewe (Manchester): Ndipo pojambula ndi losavuta kuposa onse, chifukwa loyang'ana kumpoto dzuwa sililiwomba mwachindunji. Vuto ndi lakuti kamera ikaona makoma amdima m'mbali imawonjezera kuwala, ndiye timizere tija timasungunuka. Tsitsani ndi -1 kapena kupitirira. Ndipo lijambuleni kawiri: china cha patali, munthu ali pansi pake kuti utali uoneke, china chokokera pafupi gawo limodzi lokha kuti malukidwe aoneke. Chapakatikati ndicho chimatuluka chosakoma.

Aphiri (Leeds): Ndikulemba zonse. Nanga mizati yogwayo?

Bambo Mbewe (Manchester): Imagwa chifukwa mwapendeketsa kamera kuyang'ana kumwamba. Kumbuyo kwa kamera kukangosiya kuima chilili mofanana ndi khoma, mizere yoimirira imayamba kukumana pamwamba. Njira zilipo zingapo. Yamtengo wapatali ndi lenzi ya tilt-shift, imeneyo iiwaleni kaye. Yaulere ndi iyi: bwererani m'mbuyo mpaka ku khomo la kumadzulo, tembenuzani kamera choimirira, igwireni mowongoka osayang'anitsa kumwamba. Theka la chithunzi likhala pansi, mukadula pambuyo. Yatsani mizere ya grid kuti muziona. Mukhozanso kuwongola pa kompyuta mu pulogalamu ya Lightroom, koma imadya m'mbali, ndiye siyani malo ozungulira pojambula.

Ndipo musamangokhala pa 18mm. Imani kumapeto, kokerani pa 55mm, muone mmene mizati ndi zipata zosongoka zija zimapanikizirana chimodzi kuseri kwa chinzake. Timisewu ta m'mbali tija timakoma kwambiri pa 55mm kuposa pakati.

Agogo Nkhoma (Blantyre): Apanso ndili ndi mawu. Osawongola chilichonse. Nyumba zimenezi anazimanga kuti munthu akalowa khosi lipindike. Mizati yokumana kumwamba ndi imene munthu amamva ali mmenemo. Choipa ndi kupendeketsa pang'ono, chifukwa zimaoneka ngati dzanja linatsetsereka. Ukapendeketsa, pendeketsa ndithu, woona adziwe kuti unafuna.

Bambo Mbewe (Manchester): Apa ndiye tagwirizana agogo. Kaya mowongoka kwenikweni, kaya kumwamba kwenikweni.

Mwale (Area 25): Admin lembani tsikuli.

Admin: Ndalemba. Koma Mwale muchepetse ma sticker, anthu akusochera pofuna mayankho.

Aphiri (Leeds): Pali china chimene chandizunguza mutu. Ichi chachinayi. Ndi khoma lija la ziboliboli za mafumu, pansi pa limba. Ndinaima pakati penipeni, ndinayang'ana matailosi, ndinayesa kangapo, koma khomo lake silikhala pakati pa chithunzi. Lenzi yanga ndi yokhota?

Anachisale (Sheffield): 😂 Achimwene werengani mafumuwo.

Aphiri (Leeds): Dikirani... mbali iyi 7, inayo 8. Aaa!

Anachisale (Sheffield): Ndi mafumu a ku England 15 onse, kuyambira William the Conqueror mpaka Henry VI. Nambala yosagawika pawiri, ndiye khomo silili pakati. Lenzi yanu ilibe mlandu. Ndipo muzolowere, chifukwa nyumbayi anaimanga zaka pafupifupi 250, kuyambira cha m'ma 1220 mpaka 1472 pamene anaipatula. Amene anayamba sanaone mathero, ndipo mbadwo uliwonse unabwera ndi kamangidwe kake. Mukayerekeza mazenera opyapyala a Five Sisters ndi la kum'mawa lija muona kuti ndi manja osiyana kotheratu.

Bambo Mbewe (Manchester): Pa chithunzi chotero sankhani chimodzi chokhala pakati, kaya khomo kaya denga, china chitsatire. Mukayesa kukondweretsa zonse palibe chimene chikhale pakati.

Anabanda (Hull): La kum'mawalo ine linandigonjetsa. Ndi lalikulu moti pa foni timangooneka timadontho.

Anachisale (Sheffield): Amati kukula kwake kukufanana ndi bwalo la tenisi. Analipanga John Thornton wa ku Coventry kuyambira 1405 mpaka 1408, ndipo ku Britain kulibe galasi la nthawi imeneyo lalikulu kuposa limenelo. Muli zigawo 311, nkhani zake zikuyambira ku Genesis, gawo lalikulu n'kukhala la Chivumbulutso. Analitsitsa lonse kukalikonza, ntchito ya zaka pafupifupi khumi imene inatha mu 2018, n'chifukwa chake likuwala bwino chonchi lero. Amene anabwera kuno zaka zimenezo ankapeza chithunzi chachikulu chosindikiza chitapachikidwa pamalo pake.

Bambo Mbewe (Manchester): Zenera lotero si la chithunzi chimodzi. Chimodzi jambulani lonse monga chikumbutso, kenako mufunika lenzi yokokera, ya 70-200 kapena 55-250, muzitola chigawo chimodzichimodzi. Nkhope zimene Thornton ndi anyamata ake anajambula zili ndi tsitsi, makwinya, maso oyang'ana cham'mbali, zinthu zimene munthu ali pansi saziona. Pa 200mm shutter ikhale 1/250 kapena kuposa, koma musadandaule, galasi limawala lokha ndiye zimatheka m'manja. Aphiri mukafuna ndikubwerekani yanga, bola mubwere nayo ndi chivindikiro chake.

Lenzi yomweyo mugwiritsenso ntchito kudenga. Pamene nthiti za denga zikumana pali timitu tosema topaka golide. Kumkono wa kummwera n'kosangalatsa kwambiri.

Anachisale (Sheffield): Eya, chifukwa denga limenelo ndi latsopano. Linapsa usiku wa pa 9 July 1984, ambiri amati ndi mphenzi. Zenera lozungulira lija linang'ambika tizidutswa pafupifupi 40,000 chifukwa cha kutentha koma silinagwe, analimata n'kulibwezera. Pomanganso denga, timitu tisanu ndi kamodzi tinasemedwa motsatira zojambula za ana amene anapambana mpikisano wa pulogalamu ya pa TV ya Blue Peter. Pali kena ka munthu ali pa mwezi. Ana anu Anabanda akadakondwa kukafunafuna.

Anabanda (Hull): Tinadutsa pansi pake osadziwa! Iwo mtima unali pokwera nsanja basi, ine mawondo anakana.

Anachisale (Sheffield): Masitepe 275, simunalakwe kukana.

Mwale (Area 25): Funso lenileni tsopano, osaseka. Mwati denga linapsa. Mwala umapsa bwanji?

Anachisale (Sheffield): Funso labwino. Madenga aakulu a ku York ndi amatabwa, anawapanga ndi kuwapaka kuti azioneka ngati mwala. Mbali yokhalamo anthu ndi yotakata kwambiri, ndiye anaona kuti mwala ulemera. N'chifukwa chake moto wawavutitsa kangapo: 1829 kumbali ya kwaya munthu wina atayatsa dala, 1840 mbali yaikuluyo, kenako 1984.

Bambo Mbewe (Manchester): Pa nkhani ya denga, Aphiri musadzatuluke osalowa mu Chapter House. Ambiri amaiphonya chifukwa njira yake ili pakona, kudzanja lamanja mukayang'ana Five Sisters. Ndi chipinda cha mbali 8, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1200, ndipo pakati palibe mzati wochirikiza denga ngati umene uli m'zipinda zotere ku Salisbury kapena ku Wells. Kwa wojambula zimenezi ndi mphatso: pakati penipeni ndi pambalambanda. Dikirani anthu achepe, ikani ISO 100, f/8, focus muikiretu kudenga n'kuitseka pa manual, yatsani timer ya masekondi 10, gonekani kamera chagada pa chipewa kapena sikafu, inu bwererani m'mbuyo kuti mphuno isalowemo. Pansi sipagwedezeka, ndiye shutter ingatenge sekondi yathunthu popanda vuto. Denga limatuluka ngati nyenyezi. Chimodzimodzi pansi pa nsanja yapakati, koma pamenepo pamadutsa anthu ambiri, samalani angaiponde.

Mukatha yang'anani pamwamba pa mipando yamiyala yozungulira khoma. Pali timitu tating'ono tosema, ena akutulutsa lilime, ena akukwinya nkhope, wina mbalame ikumujompha. Zimenezo zili pafupi, 55mm ikwanira.

Aphiri (Leeds): Tripod ndingatenge?

Anachisale (Sheffield): Imeneyo funsani kaye musananyamuke, lembani uthenga kapena onani pa tsamba lawo. Matchalitchi akuluakulu kuno amalola zithunzi za pawekha, koma tripod ndi zithunzi zogulitsa zimafuna chilolezo. Ngakhale zogoneka kamera pansizo, uzani kaye woyang'anira amene ali pafupi, amayankha bwino munthu akafunsa.

Ndipo pepani ndinene ngati mayi wa mpingo. Nyumbayi ikadali yopemphereramo tsiku ndi tsiku. Mapemphero akayamba kamera ilowe m'chikwama. Munthu wagwada kapena akuyatsa kandulo musamulunjike, simudziwa chimene chamubweretsa. Kaphokoso ka focus kaja tsekani. Ana a sukulu a eni ake osawajambula, kuno nkhani imeneyo ndi yaikulu. Mukakhala mpaka madzulo, khalani pansi mumve kwaya ikuimba Evensong, mapemphero a madzulo aja, kulowa ku mapemphero salipiritsa.

Agogo Nkhoma (Blantyre): Mayi mwanena bwino. Ndipo achinyamata a kuno musaganize kuti phunziroli ndi la a kunja okha. St Michael and All Angels pano pa Blantyre, ya 1888 mpaka 1891, ili ndi mavuto omwewa pang'onopang'ono: zenera lowala, njerwa zamdima, malo obwerera m'mbuyo ochepa. Mwale, m'malo moseka anzako, kwera basi udzayese.

Anachisale (Sheffield): Kapena St Peter's kwathu ku Likoma, imene anayamba kumanga mu 1903. Kumeneko dzuwa la kunyanja ndi laukali kuposa la York, ndiye amene angakwanitse kusunga zenera ndi khoma pa chithunzi chimodzi masana ku Likoma wakhoza mayeso.

Mwale (Area 25): Ndikapeza ya Ilala ndipita. Koma ndifunseko: mitundu. Zithunzi za Aphiri mbali ina ndi yabuluu, ina yachikasu. Ndi kamera kapena?

Bambo Mbewe (Manchester): Ndi kuwala kwa mitundu iwiri. Kwa pazenera n'kozizira, kwa mababu n'kofunda, ndipo white balance imodzi, imene imauza kamera mtundu wa kuwala, siingakhoze zonse. Mu RAW mumasankha pambuyo. Ine ndimakonza kuti mwala umene uli pa kuwala kwa dzuwa uoneke mwachibadwa, chikasu cha mababu ndimangochichepetsa pang'ono osachichotsa. Zikakanika, ndipo chithunzicho ndi cha mizati ndi nthiti za denga popanda galasi, chisandutseni black and white.

Agogo Nkhoma (Blantyre): Mwazungulira ulendo wonsewu kuti mufike pamene ife tinayambira.

Bambo Mbewe (Manchester): 😂 Agogo, koma zenera la Thornton mu black and white ndi tchimo.

Agogo Nkhoma (Blantyre): Limenelo ndavomera.

Anabanda (Hull): Aphiri mukupita liti? Ndikapeza off Lachiwiri ndikhoza kubwera, kuchokera ku Hull si patali. Ndikufuna ndikaone ka munthu wa pa mwezi kaja.

Aphiri (Leeds): Rota ituluka Lachisanu asisi, ndikuuzani. Pakati pa sabata ndi bwino, Loweruka anthu anali ngati pa depoti ya Wenela.

Bambo Mbewe (Manchester): Mukapita nyengo yozizira ino muwerengere kuti mu December dzuwa ku York limalowa isanakwane 4 koloko. Koma limayenda chotsika tsiku lonse, ndiye likatuluka limalowa cham'mbali pa mazenera a kummwera n'kuponya mitundu pa mizati ndi pansi, zimene mu June simungazione bwino. Fikani akangotsegula, yambirani kum'mawa, Chapter House mulowe magulu a alendo asanachuluke, zenera la kumadzulo mumalizire. Onaninso pa tsamba lawo ngati tsikulo kulibe mwambo wotseketsa mbali ina. Batire yapadera muike m'thumba la mkati mwa jekete, mmenemo mumazizira ndipo live view, kujambula mukuyang'ana pa sikirini, imadya moto. Lenzi ija mudzaitenge Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi.